Kuyankha amalume za thumba la chakudya cha nsomba lija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona chithunzi cha thumba lomwe achimwene akufuna kukubweretserani kuchokera ku Joni, komanso funso lanu loti kodi chakudya chimenecho, poti ndi cha nsomba za m'nyanja yamchere, chingakuze msanga tiana ta makumba tomwe mwaika m'damu. Kulemba kunditalikira, ndiye ndingolankhula. Mukamva phokoso ndi maminibasi, ndili ku Wenela kudikira katundu.

Manambala awiri ali pathumbapo, 50 ndi 18, ndiwo akunena zonse. Woyambayo ndi mapuloteni, 50 peresenti, winayo ndi mafuta. Sikuti opangawo amangofuna kudulitsa ayi. Nsomba zambiri zomwe amaweta m'madzi amchere, monga sea bass ndi sea bream za ku Greece ndi Turkey, mwachibadwa zimadya nsomba zinzake ndi tinkhanu. Mimba zake sizigwiritsa bwino ntchito zakudya za ufa ngati chimanga. Ndiye zikakhala zazing'ono zimafuna mapuloteni apakati pa 45 ndi 55 peresenti, ndipo mphamvu yosambira zimaipeza kwambiri m'mafuta. Mafutawo akachepa, nsomba imawotcha mapuloteni kuti ipeze mphamvu m'malo momanga nawo mnofu, pomwe mapuloteniwo ndiwo odula kuposa china chilichonse m'thumbamo.

Komanso si mafuta wamba. Muli mitundu iwiri, EPA ndi DHA, yomwe imapezeka m'mafuta a nsomba. Zam'nyanja yamcherezo sizitha kudzipangira zokwanira m'thupi, ziyenera kuilandira m'chakudya, apo ayi maso ndi ubongo sizikula bwino, tiana tambiri timafa. Tikangoswa kumene sitidya n'komwe za m'thumba, amatipatsa tizilombo tamoyo totchedwa rotifer ndi Artemia, tomwe amayamba atidyetsa mafuta amenewo. Ntchito yake ndi yaikulu ndithu, si ya damu la kuseri kwa nyumba.

Tsono makumba anuwo ndi ena. Iwo, chambo ndi chilunguni amadya ndere, tizilombo ta m'madzi obiriwira, chilunguni ndiye mpaka masamba. Thupi lawo limatha kusandutsa mafuta a zomera, monga a soya, kukhala omwe likufuna. Tiana tongoswa kumene timafunadi mapuloteni okwera, cha m'ma 40 mpaka 45, koma tikafika ngati chala, 30 mpaka 35 ndi okwanira, ndipo mafuta asapitirire 10 kapena 12. Mukatipatsa 18 tsiku ndi tsiku, mafuta amaunjikana m'chiwindi ndi m'mimba. Podzatumbula mudzapeza zoyera mbuu m'matumbo, nsomba yolemera koma mnofu wochepa. Ndipo mapuloteni otsalawo amatuluka n'kuipitsa madzi, m'mawa mumangoona nsomba zikuyasama pamwamba.

Ndiye ine maganizo anga, achimwene asataye ndalama ndi thumba limenelo, kuwonjezera ya basi ndi ya paboda. Bola akutumizireni ndalamayo.

Koma musabwerere ku gaga yekha ayi, amalume, apa ndiye ndikuchondererani. Gaga ali ndi mapuloteni pafupifupi 10 kapena 12 basi, n'chifukwa chake anthu ambiri nsomba zawo zimatha miyezi koma osaposa chikhatho. Soya ali ndi oyandikira 40, koma mumukazinge kaye, wosakazinga ali ndi zina zomwe zimatsekereza nsomba kugaya chakudya. Usipa wouma ndiye umafika cha m'ma 60. Zinyenyeswa zomwe zimatsala pansi pa matumba a ogulitsa usipa, ku msika wa Limbe zimapezeka, n'zabwino kwambiri bola zisakhale za nkhungu kapena zonunkha mafuta owonongeka. Mugayitse zonse pamodzi zikhale zosalala, poti tikamwa take n'tating'ono, ndipo muzitipatsa pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku, osati kukhuthula kamodzi. Manyowa a nkhuku m'damumo musasiye, madzi akhale obiriwira, chakudya china chimachokera momwemo. M'miyezi ya June ndi July kukazizira sizidya kwambiri, muchepetse.

Ngati achimwene agula kale, musalitaye. Mugaye n'kusakaniza ndi gaga theka ndi theka, mapuloteni atsikira cha pa 30, mafutanso atsika. Muwumbe ndi madzi pang'ono kuti nsomba zisamasankhe. Kapena ngati mukadali ndi maganizo a milamba aja, iyo ndiye imafuna mapuloteni ambiri kuposa makumba, chingaiyenere bwinoko. Thumbalo lisungidwe pamthunzi, pamwamba pa thabwa, chifukwa chakudya cha mafuta ambiri sichichedwa kuwonongeka kukatentha.

Muyeso weniweni wa soya ndi usipa, alangizi a za nsomba kwanuko angakuwerengereni malinga ndi kuchuluka kwa tianato, ngakhale a ku Domasi ku National Aquaculture Centre amathandiza pa zimenezi. Basi ija yafika, ndithamangire katundu. Munditumizire kukula kwa damulo ndi nambala ya tiana munaikamo. Mupereke moni kwa azakhali.