Kwa mphwanga: pH ya ethanoic acid siingakhale 1

Eee, mwaswera bwanji nonse pa gulupu pano. Alongo anga ndi alamu mundikhululukire, uthenga uwu ndi wa mphwanga, enanu mukhoza kungoudumpha. Ndajambula mawu chifukwa kulemba masamu pa foni ndi chintchito.

Mphwanga, chithunzi cha pepala lako ndachiona. Akupatsa ethanoic acid, asidi wa mu viniga uja, 0.1 M (M ndi muyeso wa kuchuluka kwa asidi mu lita imodzi), Ka yake, nambala yosonyeza mphamvu ya asidiyo, 1.8 × 10⁻⁵. Iwe wapeza pH 1 (pH ndi muyeso wa ukali wa asidi), aphunzitsi akhwatcha, ndiye ukufunsa kuti chalakwika n'chiyani poti log ya 0.1 wayimenya bwinobwino. Calculator ilibe mlandu. Vuto ndi lakuti Ka uja sunamugwiritse ntchito n'komwe, wangomusiya pakona ya pepala.

Tamvera. Akanakupatsa hydrochloric acid wa 0.1 M, pH 1 ikanakhala yolondola, chifukwa ameneyo akangolowa m'madzi amamasula H⁺ (hydrogen ion) wake yense. Ethanoic acid ndi woumira, amamasula pang'ono zedi, ndipo Ka ndiye nambala yokuuza kuumira kwakeko. Taganiza khola la ng'ombe 1000 kuno kwa Ngabu, geti latseguka koma zatuluka 13 zokha, zina zonse zili phee m'kati. Tsono pH imawerenga zotulukazo basi. Iwe wawerenga khola lonse.

Tenga cholembera. H⁺ amene wamasuka timutche x. Molekyulu iliyonse ikagawanika imapereka H⁺ mmodzi ndi ethanoate (gawo lotsala H⁺ akachoka) mmodzi, ndiye ethanoate nayenso ndi x. Asidi wotsala wosagawanika ndi 0.1 kuchotsa x. Ka ndi x kuchulukitsa ndi x, kugawa ndi 0.1 kuchotsa x. Wamva? Apa pali kachidule. Poti x ndi kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi 0.1, pansi paja timangolemba 0.1. Ndiye x² ndi 1.8 × 10⁻⁵ kuchulukitsa ndi 0.1, zomwe ndi 1.8 × 10⁻⁶. Square root yake ndi 1.34 × 10⁻³. Ameneyo ndiye H⁺ wako. Menya log, usinthe minus ija, upeza 2.87.

Usati 1 ndi 2.87 zayandikana ayi. Pa pH sitepe imodzi ndi kuchulukitsa ka 10, ndiye yankho lako lija likunena kuti H⁺ alipo wochuluka pafupifupi ka 75 kuposa amene alipodi. Aphunzitsi sanakulakwire.

Koma kachidule kaja usamangokakhulupirira, uzikayeza. Gawa x ndi asidi amene unayamba naye: 0.00134 kugawa ndi 0.1, ndi 1.3 peresenti. Ng'ombe 13 zija ndi zimenezo. Malinga zili pansi pa 5 peresenti, uli bwino. Ndipo apa ndi pamene ana ambiri amagwa, chifukwa amaganiza kuti asidi akasungunulidwa ndi madzi ambiri ndiye masamu aphweka. Ayi, zimatembenuka. Ukathira madzi, gawo la mamolekyulu ogawanika limakwera. Pa 0.01 M lafika kale 4.2 peresenti, pH 3.37, m'malire mwenimweni. Pa 0.001 M kachidule kakupatsa 13 peresenti, kakanika, uyenera kubwerera ku 0.001 kuchotsa x uja n'kuthetsa ndi quadratic formula imene unaphunzira ku masamu. Ukatero x ndi 1.25 × 10⁻⁴, pH 3.90, pamene chidule chikanakupatsa 3.87. Kusiyanako kukuoneka kochepa, eya, koma wochonga amafuna aone kuti wadziwa pamene chidule chathera. Kwa ine amene walemba mzere wa peresenti uja ndiye wamvetsa, osati woloweza chabe.

Taonanso kuti ukathira madzi ka 10, pH ya asidi wofookayu ikungokwera ndi theka, 2.87 kupita 3.37, pamene ya hydrochloric ikanakwera ndi 1 yathunthu. Ndi square root ija ikuchititsa zimenezo.

China, pa calculator. 10⁻⁵ uzilowetsa ndi batani la EXP kapena la ×10ˣ, ulembe 1.8, EXP, minus 5. Ukalemba 1.8 × 10 kenako EXP, wawonjezera 10 wina osadziwa, yankho lonse lapita.

Kanthu kena kongodziwa, sikabwera mwina pa mayeso. Ka wa m'buku amayezedwa pa 25°C. Kwathu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala timadutsa 40, ndipo manambala amenewa amasuntha ndi kutentha. Ngakhale madzi enieni opanda kanthu, pa 40°C pH yake imakhala cha m'ma 6.8, osati 7, koma sanasanduke asidi, poti H⁺ ndi OH⁻ akadali ofanana. Pa pepala iwe uzingotsata 25 pokhapokha atakuuza zina.

Tsono yesa iyi. Viniga wa m'sitolo amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti, tinene 0.83 M, Ka yomweyo. Peza pH, uyezenso peresenti ija. Ikakutulukira kutali ndi 2.4 ubwereze. Ujambule pepala lonse, osati yankho lokha, unditumizire kumbali kuti tisasokose anzathu pa gulupu. Apatse moni amayi ako.