Kagalu kathu kakuipitsa m'nyumba, abambo akuti kabwerere

FUNSO

Zikomo Ankolo. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Masabata awiri apitawo alamu anga anatipatsa kamwana ka galu. Pano kali ndi masabata 9 ndipo ana anakatcha Bruno. Poti n'kakang'ono ndipo kunjaku kuli mvula, kamagona kukhitchini. Vuto ndi loti kakukodza paliponse, pabalaza, pansi pa tebulo, ndipo dzana kanabiba pamkeka pomwe mwana wanga wamng'ono amakwawira. Ndimakolopa ndi Jik tsiku ndi tsiku koma kamabwerera pomwepo. Anzanga anandiuza kuti ndizikanunkhitsa mkodzowo n'kukamenya ndi patapata. Ndayesa, sizikusintha. Bambo a kunyumba kuno atopa nazo, akuti kabwerere komwe kanachokera. Ana akungolira. Ndithandizeni.

Mayi wodandaula, Area 25

YANKHO

Mayi, pepani ndi chintchito chokolopacho. Ndikukumvetsani, makamaka pa nkhani ya mwana wokwawayo. Koma choyamba ndikupempheni chinthu chimodzi: patapata uja musiyeni kaye. Bruno sakuchita mwano. Pa masabata 9 chikhodzodzo chake n'chaching'ono kwambiri ndipo sanayambe kuchilamulira, chimodzimodzi khanda lanu lomwe mukulimanga thewera. Oweta agalu amawerengera kuti kagalu kamatha kugwira mkodzo pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake. Ndiye wanuyo, wa miyezi iwiri, akapirira kwambiri ndi maola awiri basi, ndipo akamasewera safika n'komwe pamenepo.

Zomenyazo ndinazichitapo ine ndemwe, n'chifukwa chake ndikulankhula motsindika. Galu wanga woyamba, Tiger, ndinkamugwira pakhosi n'kumukhuditsa mphuno pamkodzo, kenako kumukwapula. Pasanathe sabata ndinaleka kuona madzi pabalaza, ndinati waphunzira. Tsiku lina mayi akunyumba akusuntha kabati ya mbale anapeza kuseri kwake kuli chinyezi ndi fungo loti munthu sungapume. Zomwe Tiger anaphunzira n'zoti kukodza ine ndikuona n'koopsa, choncho anayamba kubisala. Choipa kwambiri, ndikatuluka naye panja ankangondiyang'ana mchira uli pakati pa miyendo, osakodza, kudikira mpaka tilowe m'nyumba ine nditayang'ana kumbali. Zinanditengera miyezi kuti ayambenso kundikhulupirira, ndipo mpaka lero zimandimvetsa chisoni. Galu sagwirizanitsa chilango cha panopa ndi chinthu chomwe anachita mphindi khumi zapitazo. Amangoona kuti munthu amene amamupatsa chakudya wasanduka chilombo.

Ntchito yeniyeni yagona pa nthawi. Kagalu kamafuna kudzithandiza kakangodzuka kutulo, kakangomaliza kudya kapena kumwa, komanso kakasewera kwambiri. Nthawi zimenezi musadikire kuti kakuuzeni. M'mawa mukadzuka, musanasonkhe moto kapena kuteleka madzi osamba, kanyamuleni m'manja n'kupita nako panja. Ndikuti kunyamula chifukwa mukati kayende kokha, kakhala katamaliza kale pakati pa khitchini ndi khomo. Masana muzikatulutsa pa ola lililonse kapena maola awiri, ndipo komaliza musanakagone.

Sankhani malo amodzi kuseri kwa nyumba, kutali ndi pomwe ana amasewerera ndi pomwe mumatsukira mbale. Nthawi zonse pitani nako pomwepo. Tsiku loyamba tengani kansanza komwe mwapukutira mkodzo wake mukakaike pamalopo, mphuno yake idzakauza kuti chimbudzi ndi pano. Imani phee, osasewera nako, muzingonena mawu amodzi omwewo, monga "chita, Bruno, chita". Kakangomaliza, pomwepo osati mutalowa m'nyumba, kayamikireni ndi mawu okoma, kasisiteni pamutu, kapatseni kabonya kamodzi kapena kawiri. Ine ndinkayenda ndi tibonya m'thumba la malaya pophunzitsa agalu omwe ndinaweta pambuyo pa Tiger, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamukwezera dzanja. Kukakhala mvula tengani ambulera mupite nako ndithu. Mukalola tsiku limodzi kuti kachitire pakhonde chifukwa kwagwa mvula, khondelo lasanduka chimbudzi chake.

M'nyumba muzikhala nako tcheru. Mukaona kasiya masewera mwadzidzidzi, kayamba kununkhiza pansi, kuzungulirazungulira kapena kulowera kuseri kwa mpando, dziwani kuti nthawi yakwana. Mukakapezerera kali mkati mokodza, ombani m'manja kamodzi, kanyamuleni kakamalizire panja, ndipo kakamaliza kayamikireni ngati kale. Mukapeza madzi ali kale pansi, kolopani mwakachetechete. Apa ana anu akuluwo akuthandizani kwambiri. Popeza ndi omwe akulirira Bruno, agawireni nthawi, wina akaweruka kusukulu, wina madzulo. Chitseko cha kuchipinda ndi cha pabalaza zizikhala zotseka masiku ano, ndipo mkeka wa mwana muziupinda mukamachoka.

Usiku ndiye povuta, sindikubisirani. Pezani katoni yolimba kapena bokosi lomwe Bruno angathe kuimiriramo, kutembenuka ndi kugona, osapitirira apo, muyalemo chiguduli kapena bulangete lakale. Mwachibadwa galu safuna kuipitsa pogona pake, ndiye kakafuna kukodza kadzalira. Ikani katoniyo poti mukhoza kumva, ndipo kakalira dzukani, tengani tochi, pitani nako pamalo paja, mubwerere nako kukagona popanda masewera. Masabata oyambirira mudzadzuka kamodzi kapena kawiri, kenako zimachepa zokha. Koma katoniyo si ndende yokatsekera tsiku lonse. Mukakasiya nthawi yaitali kadzaipitsa momwemo, ndipo kakazolowera kugona pauve ntchito yanu yakula.

Chakudya nacho chikhale ndi nthawi yake. Kapatseni katatu kapena kanayi pa tsiku, pa maola omwewo, ndipo pakatha mphindi 15 chotsani mbale. Chakudya chikamalowa nthawi yodziwika, chimatulukanso nthawi yodziwika. Phala la mgaiwa losakaniza ndi bonya kapena usipa wosinja wopanda mchere wambiri ndi labwino kuposa mkute wothira msuzi wa ndiwo zathu, chifukwa anyezi amawononga magazi a galu. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Madzi akumwa azipezeka tsiku lonse.

Tsopano za Jik. Amapha tizilombo ndithu, koma inu mukamamva kuti pansi payera, mphuno ya galu imamvabe mkodzo wolowerera m'ming'alu ya simenti, n'chifukwa chake akubwerera pomwepo. Yambani mwapukuta mkodzo wonse ndi nsanza kapena nyuzipepala, tsukani ndi sopo wa ufa ndi madzi ofunda, kenako pakanipo viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, pasiyeni paume. Jik muthire nthawi ina payekha, pansi patauma. Chonde Jik ndi viniga musaziphatikize, zimatulutsa mpweya woopsa kwa inu ndi mwanayo.

Mwana wokwawayo ndiye akundidetsa nkhawa kwambiri. Tiagalu tambiri timabadwa ndi njoka zam'mimba, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi n'kutha kulowa mwa mwana amene amaika zala m'kamwa. Mkeka uja uchapeni ndi sopo n'kuuyanika padzuwa, chimbudzi cha Bruno muziwola tsiku lomwelo n'kutaya m'chimbudzi chokumba kapena kukwirira mozama, ndipo ana azisamba m'manja akamugwira. Mankhwala a njoka amaperekedwa pa masabata awiri alionse mpaka kagalu katakwana masabata 12, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Pitani naye ku ofesi ya zaziweto kapena ku LSPCA, bungwe losamalira zinyama la konko ku Lilongwe, akamupime kulemera n'kukupatsani muyeso woyenera. Komweko mufunse za katemera wa parvo, matenda osanzitsa ndi kutsegula m'mimba mwa magazi omwe amapha tiagalu msangamsanga. Katemerayu amayamba pa masabata 6 mpaka 8 n'kumabwerezedwa, choncho Bruno wafika kale. Wa chiwewe amabayidwa akakwana miyezi itatu. Asanamalize akatemerawa asatuluke kumsewu kokumana ndi agalu oyendayenda. Ndipo mukaona akukodza timadontho pafupipafupi, akulira pokodza, kapena mkodzo uli ndi magazi, imeneyo si nkhani ya maphunziro, ndi matenda, thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto.

Agalu ambiri amadalirika m'nyumba akafika miyezi 4 mpaka 6, ena amachedwerapo, koma kusintha mudzayamba kukuona kale isanakwane nthawi imeneyo. Bambo akunyumbawo akhalitseni pansi madzulo ano, muwawerengere yankholi, muwapemphe masabata atatu okha asanagamule zoti Bruno abwerere. Ngati angavomere kuti ulendo womaliza wa usiku, uja wokatseka geti, azituluka naye ndi iwowo, ndiye kuti inu mwapepukidwa. Masabata atatuwo akatha mundilemberenso, ndikufuna kumva momwe Bruno ndi mwana wanuyo alili.

Ankolo