Mapulogalamu a Matelesikopu Akuluakulu Angatiphunzitse Chiyani?

FUNSO: Akonzi, ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta kuno ku Mangochi, makamaka othandiza ogulitsa usipa ndi chambo kusunga mawerengero a malonda awo. Ndamva kuti matelesikopu akuluakulu oonera zakuthambo amayendetsedwa ndi mapulogalamu. Kodi chilipo chimene munthu ngati ine angatolepo pa ntchito ya akatswiri amenewa? Wowerenga wanu, Mangochi.

YANKHO: Chilipo ndithu, ndipo chachikulu n'chakuti pulogalamu imakhalitsa pa ntchito kuposa amene anailemba. Telesikopu ikamangidwa imagwira ntchito zaka makumi angapo. Oiyambitsa amapuma kapena kusamuka, koma zimene inajambula zimafunikabe. N'chifukwa chake kuyambira mu 1981 akatswiri a zakuthambo amasunga zithunzi zawo m'mafayilo a mtundu wa FITS, ndipo anagwirizana kuti kusintha kulikonse kwa mtunduwu kusalepheretse fayilo yakale kutseguka. Kumayambiriro kwa fayilo kumakhala mawu oti munthu angathe kuwerenga, ofotokoza zinthu monga tsiku lojambulira, chipangizo chimene chinajambula ndi mbali ya thambo imene chinaloza, moti wophunzira wa lero amamvetsa chithunzi chimene chinajambulidwa iye asanabadwe.

Kufulumira nakonso kunawaphunzitsa zowawa. Mu 2016 telesikopu ya dziko la Japan yotchedwa Hitomi, imene inali pa chombo choponyedwa kuthambo, inasweka m'mlengalenga patangopita milungu yochepa chiiponyereni. Pulogalamu yake inaona ngati chombocho chikuzungulira pamene sichinali kuzungulira, ndipo poyesa kukonza vutolo inagwiritsa ntchito manambala olakwika amene anatumizidwa kuchokera pansi asanayesedwe mokwanira. Chombocho chinazungulira mwamphamvu mpaka zigawo zake zinathothoka. Nkhaniyi imatikhudza mtima chifukwa galasi ndi makamera zinali bwinobwino, koma chimodzi mwa zimene zinasowa ndi kuyesa mokwanira.

Inu mulibe telesikopu, koma wogulitsa nsomba amadalira mawerengero anu pa ndalama zodyetsera banja lake. Choncho lembani momveka ngati mtengo uli wa ndowa kapena wa kilogalamu, sungani mawerengerowo m'fayilo ya mtundu wa CSV, ya mawu ndi manambala wamba, imene pulogalamu ina ingatsegule inu kulibe, ndipo musanaike pulogalamu yosinthidwa pa foni ya kasitomala, muyambe mwaiyesa ndi mawerengero a mwezi watha n'kuona ngati akufanana ndi a m'kope lake.