Za lobster, kuyankha achimwene a ku Cape Town

Achimwene ena a ku Cape Town andilembera kufunsa dziko lomwe limagwira lobster (nyama za m'nyanja ya mchere zofananako ndi nkhanu) zambiri, komanso ngati geni yake ingawapindulire. Achimwene, mwandikhudza pachilonda.

Ndinagwirako ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina kumeneko zaka zitatu. Usiku wina kunabwera mnyamata kukhomo lakuseri, thumba lonyowa lili paphewa. Atakhuthulira pansi, zinali lobster, kapena kuti kreef monga amazitchulira kumeneko, zing'onozing'ono zosadzaza chikhatho, zina mazira ali mbwee kunsi kwa mchira. Abwana anagula zonse. Wotsuka ndinali ine, mazira aja akutsetserekera m'sinki, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Akatswiri akuti kreef za kugombe lakumadzulo kwa South Africa zatsala zosakwana 2 peresenti ya mmene zinalili kale. Mnyamata uja sindimuda, inali njala. Olakwa ndi ogula, ndipo pamenepa sindisintha maganizo.

Taonani anzathu a ku Maine, ku America. Msodzi akakola yaikazi ya mazira amaicheka kachizindikiro ka V kumchira n'kuibwezera m'madzi, ndipo wina akadzaikolanso saloledwa kuigulitsa. Yaikulu kwambiri nayonso amaibweza kuti iziswana. Mu 2016 anagwira mapaundi oposa 130 miliyoni. Ndikamva zimenezi ndimakumbuka chambo cha ku Mangochi chomwe tinkadya tili ana, ndi tiana ta chambo tomwe tayalidwa pamsika lero.

Msika uli m'manja mwa ndani?

China. Mu 2018 China inaika msonkho wa 25 peresenti pa lobster za ku America, ogula ambiri n'kuthamangira ku Canada. Mu 2020 inatsekera khomo za ku Australia, dziko lomwe linkatumiza kumeneko pafupifupi zonse zomwe linkagulitsa kunja. Mitengo inagwa, asodzi n'kumagulitsa motchipa padoko, mpaka khomo linatsegulidwanso kumapeto kwa 2024. Mu Marichi 2025 msonkho womwewo unagwera Canada. Wogula mmodzi akakwiya, mabanja a asodzi a mayiko atatu amagona ndi nkhawa, ndipo ine sindiona chilungamo pamenepo.

Dziko lotsogola pogwira lobster ndi Canada, matani pafupifupi 100,000 pachaka, makamaka ku Nova Scotia. Za geniyo, muzipikula kwa okhawo ali ndi chilolezo cha boma ndipo malisiti muzisunga. Za m'thumba lakuseri musazikhudze, achimwene, ngakhale atakutsitsirani mtengo chotani.