Kandalama nkochepa, kompyuta ndiyambire pati?

Funso: A Mkonzi, ndine mnyamata wa kwa Santhe ku Kasungu, ndagulitsa soya ndiye ndikufuna ndilumikize ndekha kompyuta ya patebulo yotaipira ma CV a anthu, koma kandalama nkochepa, ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, musathamangire bokosi lowalawala lija, yambani ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi motherboard (bolodi yomwe zida zonse zimalumikizidwapo) chifukwa ziwirizi zimayenera kugwirizana soketi (pokhazikapo purosesa), mwachitsanzo i5 ya Intel ya 4th gen imakhala pa soketi ya LGA 1150 ndipo imafuna RAM (memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito) ya mtundu wa DDR3, mukagula DDR4 silowa olo mukakamize bwanji. Zogwiritsidwapo kale ntchito zilibe vuto bola wogulitsayo aziyatse inu muli pompo. RAM ya 8GB yakwana, SSD yosungiramo mafayilo olo ya 256GB, imadzuka msanga kusiyana ndi hard disk. Graphics card (yotumiza zithunzi pa sikirini) isiyeni kaye, purosesayi ili nayo kale mkatimo.

Koma pa power supply (yogawa magetsi mkati mwa kompyuta) pokha musaumire, yotchipa ikapsa imatha kupita ndi motherboard yomwe, komanso mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno gulaniko surge protector (yoteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu), UPS (batire yothandiza magetsi akathima) idzabwera chaka chamawa mukakolola. Musanagwire RAM khudzani kaye chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi mwanu asaiononge, ndipo thermal paste (kaphala kopaka pa purosesa kuti isatenthe) kadontho kamodzi basi, osapaka ngati majarini pabuledi.