Umuna ukapezeka wabwino koma pathupi osabwera

Mayi wina wandilembera imelo kuti madokotala anayeza umuna wa amuna awo n'kupeza kuti mbewu zilimo zochuluka ndipo zikusambira bwino, iwonso anapimidwa osapezeka ndi vuto, komabe zaka zikupita popanda pathupi. Akufuna kudziwa ngati vuto lingabisale kwa abambo ngakhale zotsatira zitakhala zabwino chotere.

Lingabisale ndithu, mayi. Pamchira wa mbewu ya abambo pali timakomo tating'onoting'ono totchedwa CatSper, timene timalowetsa kashiamu m'mbewumo. Kashiamuyo akalowa, mchira umasiya kugwedezeka pang'onopang'ono n'kuyamba kukwapula mwamphamvu, ndipo ndi mphamvu imeneyo imene mbewu imaboolera chikuto cha dzira. A Dejian Ren ndi anzawo a mu labotale ya a David Clapham ku Boston ndi amene anafotokoza za timakomoti mu 2001, ataona kuti mbewa zamphongo zopanda CatSper zinkapanga mbewu zochuluka koma sizinkabereka.

Mu 2011, a Polina Lishko ndi a Yuriy Kirichok ku San Francisco, komanso a Timo Strünker ndi anzawo ku Bonn, anasonyeza kuti mwa anthu timakomoti timatsegulidwa ndi progesterone, homoni yotuluka m'maselo ozinga dzira. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti homoni imeneyi nthawi zambiri imagwira ntchito mochedwa podzera m'majini (timalangizo ta chibadwa topezeka m'maselo), koma pambewu imatenga masekondi chabe.

Poyeza umuna, madokotala amawerenga mbewu, kuona maonekedwe ake ndi kasambiridwe kake, koma saona ngati timakomoti tikutseguka. Mwa abambo ena jini ya CATSPER2, imodzi mwa zimene zimapanga timakomoti, imasowa chibadwire, ndipo kawirikawiri imasowa pamodzi ndi jini yoyandikana nayo yothandiza kumva, choncho ngati amuna anu samva bwino kuyambira ali mwana, auzeni madokotala zimenezi. Ofufuza a ku Münster, ku Germany, anapeza kuti kwa abambo otere njira imene imathandiza ndi ICSI, yobayira mbewu imodzi m'kati mwa dzira.

Vutoli si lofala, ndipo sindikunena kuti ndi limene muli nalo. Komabe zimandipweteka kuti achibale amathamangira kuloza chala mkazi pepala la abambo likangotuluka labwino. Popeza mazira a mayi amachepa msanga akapitirira zaka 35, musadikire; pitani nonse awiri kwa dokotala wa za uchembere ndipo mum'funse za CatSper.