Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu kukafika m'tawuni ya Lilongwe

Achemwali ena amene akhala ku Leeds zaka zambiri anandilembera imelo sabata yatha. Akuti akubwera kumudzi ndi mwana wamng'ono komanso masutikesi akuluakulu, akwera Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa, ndipo sakufuna kuvutitsa abale kuti adzawachingamire. Funso lawo ndi ili: "Kodi pa bwalo la ndege la Kamuzu pali basi yopita ku City Centre? Ngati palibe, ndichite bwanji kuti a takisi asandidyere masuku pamutu? Ndikufuna kugona ku Lilongwe usiku umodzi, m'mawa mwake ndikwere basi ya ku Blantyre."

Achemwali, basi yoti muidalire palibe. Zomwe munazolowera kumeneko, zoti mukangotuluka pakhomo mupeza basi kapena sitima yonyamuka pa nthawi yake, muzisiye ku Leeds komweko. Bwaloli lili ku Lumbadzi, pafupifupi makilomita 25 kumpoto kwa mzinda, ndipo pakati pake pali minda, midzi ndi mafakitale a ku Kanengo. Njira zenizeni ndi takisi, galimoto ya hotela kapena loji yomwe mukagoneko, kapena m'bale wokhala ndi galimoto. Maminibasi aliponso koma ndiwatchula pambuyo, chifukwa si a munthu wa mwana kumsana ndi masutikesi.

Tisanafike pa za takisi, yang'ananinso tikiti yanu. Pakhale palembedwa LLW, chomwe ndi chizindikiro cha Lilongwe. BLZ ndi Chileka, ku Blantyre. Ndege zina zimatera malo onse awiri pa ulendo umodzi, choncho mvetserani bwino akamalengeza musanatsike. Ndiponso poti mwanena kuti ulendo wanu ukathera ku Blantyre, funsani ogulitsa matikiti ngati simungatsikire ku Chileka komweko. Bwalo limenelo lili pafupi kwambiri ndi mzinda wake kusiyana ndi la Kamuzu, ndipo mungapewe ulendo wa pabasi wa makilomita oposa 300. Koma ngati tikiti munadula kale ndipo kusintha n'kodula, tiyeni nazo.

Chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi dzina loti City Centre. Mukauza dalaivala choncho, adzakutengerani kumene kuli maofesi a boma: kufupi ndi Capital Hill, Nyumba ya Malamulo, Reserve Bank, nyumba yochitira misonkhano ya BICC ndi chiliza cha Kamuzu. Dera limeneli linamangidwa pomwe likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba, zomwe zinatheka mu 1975. Masana a tsiku la ntchito kumakhala anthu a mataye ndi mafayilo, koma likangolowa dzuwa, kapena Lamlungu, kumati zii. Depoti, msika waukulu, masitolo a amwenye ndi piringupiringu yense wa mzinda zili ku Old Town, makilomita angapo kummwera, ndipo pakati pa madera awiriwa pali nkhalango yosungirako nyama m'mbali mwa Kenyatta Drive. Anthu a ku Lilongwe akati "ndikupita m'tawuni" nthawi zambiri amanena ku Old Town. Ndiye musanasankhe pogona, yambani mwafunsa kampani ya basi yanu kuti imanyamukira pati. Mabasi apamwamba monga AXA ndi Sososo ali ndi malo awoawo okwererapo, pomwe ena wamba amadzazira mu depoti. Pogona pakhale pafupi ndi pamene mukakwerere, kuti m'mamawa musalimbane ndi mzere wa magalimoto.

Chinanso chimasokoneza ngakhale ife amene tili konkuno. Manambala a ma Area satsatana ndi mmene malowo anayalidwira. Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo, moti pochokera ku bwalo la ndege mumayamba kufika kumeneko. Area 23 ndi Area 24 zili kutsidya linalo la mzinda, kudutsa mtsinje wa Lilongwe. Wina akakuuzani kuti loji yake ili ku Area 24 musaganize kuti ndi poyandikana ndi 25, ndipo mtengo wa takisi sungafanane. Mayina a misewu nawo sathandiza kwenikweni. Dalaivala amamva bwino mukati "kuseri kwa Gateway Mall", "pafupi ndi Crossroads" kapena "moyang'anana ndi Bingu Stadium" kusiyana ndi kumuwerengera nambala ya puloti. Pemphani a pa loji akutumizireni chizindikiro cha malo pa WhatsApp, komanso akuuzeni chinthu chodziwika chomwe ali nacho pafupi.

Tsopano za takisi. Mukatuluka ndi katundu wanu mudzapeza madalaivala akudikira, ena atanyamula mapepala olembedwa mayina a alendo awo, ena akungoitanira. Takisi za kuno zilibe mita. Mtengo ndi wokambirana, ndipo muzikambirana sutikesi isanalowe m'buti. Ikangolowa, mphamvu zanu zatha. Tchulani malo enieni, funsani kuti "mpaka pageti ndi zingati?", mumve yankho, munenerere pang'ono, kenako mubwereze mtengowo mokweza kuti nonse mumvane. Funsaninso ngati mtengowo ndi wa galimoto yonse kapena wa munthu mmodzi. Ngati mukufuna kuima panjira kuti mugule madzi kapena mutape ndalama pa ATM, nenani pomwepo, chifukwa kudikira nako ena amalipiritsa. Galimoto zololedwa kunyamula anthu olipira zimakhala ndi nambala zofiira, ndiye ponyani diso kumeneko musanakwere. Ndipo lankhulani Chichewa, achemwali, ngakhale lilime litalemera ndi zaka za kunja. Mukangoyamba ndi Chingerezi cha ku Yorkshire, mtengo umakwera musanamalize moni.

Mtengo weniweni sindiulemba pano dala, chifukwa ukhoza kukusocheretsani. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mafuta a galimoto akasowa, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, dalaivala amene wagona pamzere pa filling station kapena wagula wa m'zigubu amaika zonsezo pa mtengo wanu. Chomwe m'bale wanu analipira chaka chatha si chomwe mudzalipire inu. Kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti munyamuke, funsani a pa loji kuti takisi ya ku eyapoti ikuyenda pa zingati masiku ano. Mukafika muli ndi nambala imeneyo m'mutu, kukambirana kumaphweka.

Ine ndikanakhala inu, ndikanapempha a pa loji omwewo kuti atumize dalaivala wawo. Mwina mudzalipira mowonjezerako pang'ono, koma munthuyo amadziwa geti, amadziwa nambala ya ndege yanu, ndipo ikachedwa amadikira. Muwatumizire nambala ya ndege, osati nthawi yokha, ndipo iwo akutumizireni dzina la dalaivala ndi nambala ya galimoto. Mukatuluka, musayambe ndinu kutchula dzina lanu kwa aliyense wokuyandikirani. Wotumidwayo ndiye alitchule kapena akuonetseni pepala.

Za abale, ndakumvani kuti simukufuna kuwavutitsa, ndipo sindikutsutsani. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira: mumauza mlongo mmodzi, tsikulo n'kupeza minibasi yahayala yadzaza azakhali, adzukulu ndi a kwaya, mafuta ake olipira inu, nkhomaliro yakenso inu. Ndi chikondi ndithu, koma chimaposa mtengo wa takisi kutalitali. Komabe uzani munthu mmodzi wosunga pakamwa kuti mukufika liti ndipo mukagona kuti, kuti pakachitika kanthu pakhale wodziwa.

Minibasi nayi. Imayenda mu msewu wa M1, kuchokera cha ku Mponela ndi Lumbadzi kupita m'tawuni, koma sikhotera ku bwalo la ndege. Kuchoka pa bwalo kukafika pamphambano pali mtunda woti simungayende wapansi ndi katundu. Wachinyamata wa kachikwama kamodzi kumsana atha kupeza kabaza kapena matola mpaka pa M1, n'kukwera minibasi kapena Sienta. N'zotchipa kwambiri, koma kondakitala adzakuuzani kuti sutikesi ilipire mpando wake, ndipo mudzatsikira m'chipwirikiti cha ku depoti kumene oitanira amalanda chikwama m'manja asanakufunseni kumene mukupita. Ndi mwana, iyayi.

Ndalama ndi foni mukonzeretu musanatuluke m'nyumba ya bwalolo. Sinthani mapaundi ochepa chabe okwanira takisi ndi chakudya cha tsikulo, kapena tapani pa ATM, koma musadalire makinawo okha chifukwa netiweki imatha kuvuta. Ndalama yaikulu ya pepala ndi K5,000, yomwe inatuluka mu 2022, ndiye musadabwe kuti mapaundi ochepa akupatsani mpukutu. Patulani ya takisi muiike m'thumba lina, kuti musamatulutse mpukutu wonse pamaso pa anthu. Madalaivala ambiri amalandira Airtel Money kapena Mpamba, koma zimenezo zimafuna simu ya kuno yolembetsedwa, ndipo polembetsa amafuna chiphaso. Ngati muli ndi simu yakale ya Airtel kapena TNM yomwe yakhala m'kabati zaka zonsezi, musaiwerengere, mwina nambalayo inapatsidwa kale kwa wina.

Ulendowo wokha, msewu ukakhala wopanda anthu, ndi wa mphindi 30 kapena 40. Mudzadutsa Kanengo, kumene kuli nkhokwe zazitali za chimanga ndi okushoni ya fodya. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu April, malole odzaza mabelo amachuluka m'dera limeneli ndipo liwiro limatsika. Nthawi yoweruka ku ntchito, kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo, magalimoto amathithikana polowa m'tawuni, makamaka ngati mukuwoloka mlatho wa Lilongwe kupita mbali ya ku depoti. Mpando wa mwana wa m'galimoto, umene kumeneko ndi lamulo, musayembekezere kuupeza mu takisi za kuno. Ngati muli nawo bwerani nawo, kapena funsiranitu kwa a pa loji.

Dalaivala akakuyendetsani bwino, tengani nambala yake musanatsike ndipo mugwirizane zoti adzakutengeni m'mawa kupita kokwerera basi. Tikiti ya basiyo dulani madzulo omwewo ngati nthawi ilipo, chifukwa Lachisanu ndi nyengo ya Khirisimasi mipando imatha msanga.